Gologolo ndi Chipanda cha Mandimu

Chaka chomwe dzuwa lidaumitsa madambo onse, Gologolo adali ndi matenda pakhomo. Mkazi wake, Nachisale, ankatsokomola mpaka nthiti kuwawa, chakudya osatsika kukhosi. Ankangopempha chinthu chimodzi: madzi a mandimu othira uchi, onga omwe amayi ake ankamupangira ali mwana.

Tsoka lake, chilichonse chidali ndi mwini wake. Mtengo wa mandimu adaubzala ndi bambo ake a Gologolo, koma Nyani adaulanda maliro awo asanathe n'komwe. Uchi wonse wa m'nkhalango udali wa Chiuli. Chitsime chokhacho chomwe chidatsala ndi madzi ankachilondera Njati. Gologolo adayamba wapempha mwaulemu, atagwada, koma onse atatu adamuuza kuti adzabwerenso mvula ikadzagwa.

Tsono adanyamula thumba ndi chipanda napita kwa Nyani. Adaima patsinde pa mtengo uja, nkhope ili yachisoni, nanena kuti kudambo nyama zikumujeda Nyaniyo.

"Zikuti chiyani?" adafunsa Nyani ali m'mwamba.

"Pepani achimwene, si mawu anga. Akuti mkono wanu udalobodoka, simungagende ngakhale chulu chili pamphuno panu."

Nyani adathyola ndimu n'kuponya. Adaphonya. Gologolo adapukusa mutu, nati mwina ojedawo sakunama. Nyani adapsa mtima, mandimu n'kumagwa ngati matalala, mpaka imodzi idamupeza Gologolo pakhutu. Iye adatola onse khutu likulira, nalonjeza kukauza nyama zonse kuti mkonowo ulipo ndithu.

Chiuli adamupeza akunyambita zala. Gologolo adatutumuka dala, namufunsa ngati sadamve kuti chaka chino njuchi, posowa maluwa, zakhala zikutera pa mtengo wa mwabvi. Chiuli adachotsa chala m'kamwa.

"Ine ndi kanthu kachabe, bambo," adatero Gologolo. "Ndikafa palibe adzalire. Ndipatseni chisa chimodzi ndikalawe. Mukandiona mawa ndikuyenda, dziwani kuti uchi wanu uli bwino."

Chiuli adasankha chisa chonona kwambiri, namuthokoza pamwamba pake.

Kwa Njati sikudavute. Gologolo adangonong'ona kuti Mvuu akulengeza kumtsinje kuti madzi a pachitsimecho ndi mikodzo ya achule. Njati adafwenthera, natunga yekha pamalo oyera mbee, namuuza kuti akamuonetse Mvuuyo maso ake atseguke.

Kuseri kwa thanthwe, Gologolo adayamba ntchito. Adagubuduza mandimu pamwala kuti afewe, nawang'amba ndi mano, n'kumafinyira m'chipanda ndi manja onse awiri. Nthangala ankazichotsa imodziimodzi. Atalawa, nkhope yonse idakwinyika. Adafinyiramo chisa chija, natakasa ndi kamtengo mpaka uchi udasungunuka, nalawanso. Apa adatseka maso. Kuwawasa ndi kutsekemera zidagwirizana ngati mapasa, ndipo kukhosi kudazizira mpaka pamtima.

Njira yachidule yopita kwa Nachisale idalipo. Koma mtima udamuyabwa. Kupusitsa Nyani, iye osadziwa kuti wapusitsidwa, kudali ngati ndiwo zopanda mchere. Adadzera kumtengo kuja, nathira pang'ono m'chigoba cha nkhono, n'kuika pansi.

"Tsikani mulawe, achimwene, mumve kukoma kwa mtengo wa bambo anga."

Ankaganiza kuti Nyani akamalawa, iye aseka n'kuthawa. Koma chipanda chodzadza sichithamanga, ndipo kuchitaya sakadatha. Nyani adalawa, kenako adatambasula mkono womwe uja n'kumugwira mchira.

Nyani adaitana Chiuli ndi Njati. Chiuli adanunkhiza chipanda namva uchi wake. Njati adazindikira madzi ake. Aliyense adafotokoza zomwe adauzidwa, ndipo bodza lonse lidaonekera poyera. Chiuli adafuna kumukhadzula pomwepo, koma Njati, yemwe adali atamwa kale theka la chipanda, adati kupha wodziwa kusakaniza zoterezi n'kupusa. Adagamula kuti m'mawa uliwonse atatuwo azibweretsa mandimu, uchi ndi madzi, Gologolo azifinya.

"Ndipatseniko kachigoba kamodzi kokha, a Njati. Mkazi wanga ali gone."

Njati adapendeketsa chipanda, namwa chotsala, namuuza kuti odwala amachira mvula ikagwa.

Kuyambira tsiku limenelo, atatu omwe kale sankapatsana ndi moni womwe adasanduka abwenzi a ponda apa nane mpondepo. Ankakhala pamthunzi kumapatsirana chipanda, kwinaku akudandaula kuti lero uchi wachepa, lero nthangala zachuluka. Gologolo ankafinya mpaka manja kung'ambika, madzi a mandimu n'kumaluma m'zilondamo. Ngakhale kulawa ankamuletsa.

Madzulo ankabwerera kwawo wopanda kanthu. Ankakhala pafupi ndi mphasa, n'kutambasula manja osasamba aja, Nachisale n'kumanyambita timadzi tomwe tidaumira m'zala. Mkaziyo sadamudzudzulepo. Tsiku lina adangomufunsa motsitsa mawu kuti nzeru zonse zija zidamupindulira chiyani.

Gologolo adayang'ana manja ake kwa nthawi, naseka kuseka kosafika m'maso.

"Zandiphunzitsa mmene dziko lidagawidwira, mayi. Anzeru amafinya, amphamvu amamwa."