Kadontho pa chitini cha mankhwala a nyemba

Tsiku limenelo ntchito inali yofika m'khosi: kuchapa matewera, kutunga madzi, kupeta nyemba, kuzithira mankhwala, kenako kusoka matumba makumi awiri dzuwa lisanapendeke. Mayi wa pakhomopo anali atapeta mpaka msana kuwotcha pamene mwamuna wake anatulukira ndi chitini cha mankhwala ochokera kunja, magalasi ali pamphuno.

Pachitinipo panalembedwa kuti 1.000 g pa matumba 20.

"Galamu imodzi basi," anatero bamboyo. "Patseni kasupuni."

"Matumba onsewa? Nanga chitini chonsechi agulitsiranji ngati kansonga ka supuni kakukwana? Takafunsani kusitolo kuja, bambo ake."

"Ndikafunse ine? Kadontho aka ndi poyinti, mayi. Mazirowa ndi maluwa chabe. Paja inu masamu munawasiyira panjira mimba itakupezani."

Mayiyo anatapa mankhwalawo ndi kansonga ka supuni. Anawaza kafumbi kaja pamulu wa nyemba ngati akudalitsa, nasoka matumba.

Patapita miyezi itatu, akusesa m'chipinda chosungiramo zokolola, anamva matumba akunong'ona. Atapisa dzanja anapeza ufa wofunda, nyemba zobowoka ngati sefa, anankafumbwe akuthamangira kukhwapa.

Mlamu wake, mng'ono wa bamboyo, woyendetsa thiraki m'maiko akutali, anafika sabata yomweyo. Anatembenuza chitini chija, chikadali chodzaza, napukusa mutu.

"Achimwene, kumene chachokera ichi kadontho kamalekanitsa masauzande. Poyinti yawo amaika koma, kadontho ka mchira kaja. Apa akuti magalamu sauzande. Chitini chonse."

"Ndiye azilemba ngati anthu!"

"Iwonso akaona zathu amatero. Wakusitolo akanakuuzani ulele."

Bamboyo anavula magalasi, nayamba kuwapukuta ngati cholakwa chili pamenepo. Kupepesa ayi.

Matumba khumi ndi asanu ndi limodzi anakathera kudzala, nkhuku zomwe kuwanyanyala. Anayi otsalawo mayiyo anasankha nyemba imodziimodzi kwa masabata awiri, mwana akulira kumsana, mpaka zala kuchita dzanzi. Panatuluka thumba limodzi ndi theka. Mbewu yodzala panalibe, ndipo munda unagona chaka chathunthu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chimene sananene n'chakuti phulalo amadyetsanso mkazi ndi mwana.