Mathero Amene Chiswe Chinadya

Kalekale ndithu, kanema akuonetsedwabe pansalu yoyera muholo ya kumishoni, a Msosa atelala anatenga chibwenzi chawo, Nangozo, kukaonera nkhani ya mwana amene anakwera phiri loyenda kukafuna mvula. Mathero sanawaone. Eni ake amati jenereta inazima, koma amayi a kuchigayo amanong'ona kuti inazimira awiriwo basi, kuseri kwa nthochi za abusa. Kaya, ine kunalibe.

Anakwatirana, nabereka ana aakazi atatu. Nangozo ankangoti tsiku lina adzamaliza kanema uja, mpaka imfa inamutenga. A Msosa anasiya kudya, nthiti kuchita kuwerengeka. Mtima wawo unali pa chinthu chimodzi: kodi mwana uja anabwerera kwawo? Analonjeza kuti wowabweretsera mathero adzatenga makina awo osokera.

Mwandida, woyamba kubadwa, anamva kuti kanemayo anachokera m'buku. Mkazi wolimba mtima uja anapalasa njinga mpaka kulaibulale ya kuboma, pamenepo ali woyembekezera. Dzina la bukulo sankalidziwa, ndiye anangofotokozera mayi woyang'anira mabuku za phiri loyenda, nafukula naye makatoni afumbi mpaka kulipeza.

Koma buku lake! Chikuto chinali chitachoka, masamba ali mbwee. Tiferanji, wachiwiri, anawasanja limodzilimodzi, nawasoka ndi ulusi wa bambo ake, msoko wooneka ngati wa suti ya ukwati.

Lonjezo, chitsirizira, ankawawerengera bambo ake buku lachingerezilo n'kumamasulira m'Chichewa, mawu a mfiti ya m'nkhanimo ndi a phiri akuwasintha mochititsa nthumanzi. Akafika pokoma ankatseka buku.

"Ababa, phala kaye. Mbale ikayera tipitiriza."

Madalawo ankadya akung'ung'udza. Tsiku lomaliza anamva kuti mwana uja anafika kwawo mvula ili pambuyo pake, napeza amake akumudikira pakhomo. A Msosa analira, kenako anaitanitsa ndiwo zankhuku, ndipo m'mawa mwake makina anamveka akulira pakhonde.

Pobweza bukulo, Lonjezo anaulula kwa mayi wa kulaibulale uja kuti masamba omalizira chiswe chinadya kalekale, mathero aja anangopeka yekha. Mayiyo analumbira kuti sauza munthu, ndipo anangouza ine ndekha.

Tsono inu, makina aja apite kwa yani: amene analipeza buku, amene analisoka, kapena amene anachiritsa bambo ake ndi mathero abodza?