Piritsi la Pamfundo ya Chitenje

Pa Mponela panali mayi wina wogulitsa tomato mumsika. Mwamuna wake anali wakabaza, wopalasa njinga kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa. Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, wachisamba, ndipo anamutcha Sungeni.

Masana Sungeni anali mngelo. Ankagona kumsana kwa mayi ake, ogula tomato n'kumati, "Koma mwana wofatsa uyu!" Mayiyo ankangomwetulira, poti ankadziwa kuti kufatsako kumalowa limodzi ndi dzuwa. Usiku kamwanako kankadzuka kanayi, pena kasanu. Kayamwe pang'ono, kagone. Mayi akangoti atseke maso, kayambanso.

Tsiku la chilangizo chaukwati, amayi olangiza anali atamuuza mayiyu kuti, "Mwamuna wodya thukuta lake asamasokonezedwe tulo." Ananena zambiri zabwino tsiku limenelo, koma mawu amene anakhazikika mumtima mwake ndi amenewa. Choncho mwana akangolira, iye ankamunyamula msangamsanga, n'kutuluka naye monyang'ama kupita pabalaza, n'kutseka chitseko chakuchipinda pang'onopang'ono kuti chisalire. Ankakhala pamphasa yekha mumdima, udzudzu ukumuimbira. Anachita zimenezi miyezi inayi yathunthu.

Abale, tulo si chinthu chamasewera. Mayi uja anayamba kuthira mchere mutiyi. Tsiku lina anawodzera pabenchi, mbuzi n'kumudyera mulu wonse wa tomato iye ali pomwepo. Mwamuna wake akamufunsa kuti wadzuka bwanji, ankati, "Ndadzuka bwino," maso ali psuu. Ngakhale kupemphera anasiya. Ankati mumtima, Mulungu ali ndi odwala m'zipatala, ali ndi amasiye, ine ndikamuvutitse ndi nkhani ya tulo?

Mayi wogulitsa anyezi pabenchi loyandikana naye anamumvera chisoni. Anamupatsa piritsi limodzi loyera.

"Ili ndi la chimfine, la akuluakulu," anatero monong'ona. "Musungunule pasupuni, mumumwetse. Agona mpaka kucha, inunso mupumeko."

Mayi a Sungeni ankadziwa. Kusikelo a zaumoyo anali atanena kangapo kuti khanda silipatsidwa mankhwala ongotola, ndipo kuti mankhwala ogonetsa munthu wamkulu angathe kugonetsa khanda osadzukanso. Koma sanalitaye piritsilo. Analimanga pamfundo, kunsonga kwa chitenje chake choberekera, n'kuyenda nalo masiku atatu. Akamagulitsa tomato dzanja linkapita lokha kukakhudza mfundoyo.

Usiku wachitatu thupi linakana. Anaika kapu yamadzi ndi supuni pambali pa mphasa, nati, "Akadzukanso kachitatu, ndimupatsa. Kamodzi kokha." Sungeni anadzuka koyamba, anayamwa. Anadzuka kachiwiri, anayamwa. Mayi anamugoneka pamphasa, namufunditsa chitenje chija, nagona pambali pake.

Atatsegula maso, kunja kunali kutayera. Kuwala kunkalowa pansi pa chitseko. M'nyumba munali zii.

Anapapasa pamphasa: mwana palibe. Chitenje palibe. Kapu ija inali itagubuduka, madzi atayenderera pansi, supuni ili uko. Kodi mwana anadzuka kachitatu? Kodi ndinamupatsa ndili m'tulo? Anayesa kukumbukira, koma mutu unali mbee, wopanda kanthu. Munthu amene kwa miyezi inayi ankapempha usiku umodzi wachete, anaupeza, ndipo unamuopsa kuposa kulira konse kuja.

Anathamangira kuchipinda, pabedi panalibe munthu. Anatuluka panja wopanda nsapato.

Kuseri kwa nyumba, pafupi ndi njinga yake, mwamuna wake ankayendayenda, akung'ung'udza nyimbo yakwaya molakwitsa. Kumsana kwake kunali Sungeni. Chitenje anachimanga ngati mmene amamangira thumba la makala pakaliyala, mfundo ili pakhosi, kamwendo kamodzi kakulendewera. Mayi uja sanapereke moni. Anagwira nsonga ya chitenje, napapasa. Kamfundo kaja kanali kosamasulidwa, ndipo piritsi linali momwemo, lathunthu.

Anakhala pansi padothi. Pomwepo Sungeni anadzidzimuka, natsegula kukamwa, nalira kulira kwake kwanthawi zonse kogonthetsa m'khutu. Mayi ake anaseka, misozi ikutsika. Sanamvepo nyimbo yokoma chotero.

"Analira kachitatu, inu osamva," anatero mwamuna uja. "Kapu ndagunda ndine mumdima, pepani."

"Nanga munamva bwanji, chitseko chili chotseka?"

"Mayi a Sungeni, nyumba yathu ilibe siling'i. Ndimamva usiku uliwonse. Mukamatuluka monyang'ama n'kutseka chitseko, ndimayesa simufuna kuti ndimukhudze."

Miyezi inayi! Wina akulira pamphasa, wina ali maso pabedi, pakati pawo kachitseko kamatabwa kopanda ngakhale loko. Mayi uja anamasula mfundo, namuonetsa mwamuna wake piritsi, namuuza zonse. Bamboyo sanakalipe. Anatenga piritsilo nakaliponya m'chimbudzi ndi dzanja lake.

Musaganize kuti Sungeni anasiya kudzuka. Ayi ndithu, anapitiriza, poti kamimba ka khanda n'kakang'ono, sikasunga chakudya usiku wonse. Chimene chinasintha n'chakuti mphasa inasamukira kuchipinda. Mayi akayamwitsa, bambo ankamutenga mwana n'kumuika paphewa mpaka agone. Ankanyamuka mochedwerako kupita pasiteji ya akabaza, anzake n'kumamuseka kuti akununkha mkaka, iye osalabadira. Azibambo amene mukuyang'ana pansi kumbuyoko, ndakuonani, ndipo akazi anu akuonaninso.

Koma fanizoli ndi la tonsefe. Ambiri timachita ndi Mulungu zimene mayi uja ankachita ndi mwamuna wake. Timanyamula mavuto athu monyang'ama, kutuluka nawo, kutseka chitseko, n'kumati tisamuvutitse. Lamulungu timabwera kutchalitchi kuno titatchena, tikafunsidwa timati tili bwino. Ndipo munthu akatopa ali yekha, sachedwa kulandira kanthu koipa kuchokera kwa wina womufunira zabwino. Wina mwa inu wabwera nako muno lero, kali pamfundo, dzanja likumapitako lokha.

Pa anthu atatu a m'nyumba ija, wanzeru anali Sungeni. Iye sankawerenga kuti ndalira kale kawiri, kachitatu n'kuchititsa manyazi. Akamva njala ankalira, akamva kuzizira ankalira, podziwa kuti wina abwera. Atate wathu wakumwamba satopa ndi kuitana kwathu, ndipo palibe vuto limene ndi laling'ono kwa Iye, ngakhale la tulo. Chitseko chimene mwatsekacho sichimuletsa kumva. Wakhala akumva usiku uliwonse.

Masulani mfundoyo mumuonetse. Ndipo mukatuluka muno, kauzeninso munthu amene Mulungu anakuikirani pafupi kuti mwatopa.