Mmisiri Amene Ankamata Mng'alu

Panali munthu wina, mmisiri womanga nyumba, amene ankakhala pa chilumba pakati penipeni pa nyanja yamchere. Chilumbacho chinali nsonga chabe ya phiri. Pansi pa madzi mapiri otero ndi ondondozana, moti mutati muwatsate wapansi, mutha kunyamuka muli mnyamata n'kukafika mano atatha m'kamwa.

Pakati pa mapiriwo pamadutsa mng'alu. Mmenemo mumatuluka mwala wamoto, wosungunuka ngati phula. Ukazizira umauma, wina n'kutulukanso, ndipo nthaka ya uku imasendera kum'mawa, ya uko kumadzulo. Sikuti imathamanga ayi. Liwiro lake ndi la chikhadabo chikamakula.

Mmisiri uja anamanga nyumba yake pamwamba pa mng'aluwo, khoma lina uku, lina uko. Anayika mtanda umodzi waukulu wonyamula denga lonse. Inali nyumba yoti ngakhale mbuzi zinkaima kuiyang'ana.

Chaka choyamba pakhoma panaoneka kamzere. Anamata. Chaka chachiwiri, chimodzimodzi. Ankadikira anthu apite kumunda, iye n'kumata, n'kupaka laimu.

Mlamu wake, amene anakalambira m'sitima zapamadzi, anamuuza kuti, “Alamu, nyumba yanuyi ikuyasamula. Vuto si matope anu. Ndi dziko likusiyana pansipa.”

“Inu mumadziwa za madzi,” anatero mmisiri. “Za njerwa tisiyireni.”

Kumata, kupaka, kumata, kupaka, zaka khumi ndi ziwiri.

Linafika tsiku la chinkhoswe cha mwana wake wamkazi, Ndaziona. Masana kunagwa chimvula, anthu onse n'kudzazana m'nyumba. Amayi anayamba kuvina. Akuchimuna ankasisita makoma, akuti, “Koma ndiye takwatira kwa mmisiri!”

Pakati pa nthungululu, mmisiri anamva kudenga kuti the! Anakwera pampando ngati akufuna podontha, n'kupisa dzanja pamene mtanda unatsamira khoma. Pomanga paja anautsamiritsa dzanja lonse. Tsopano unangogwira ndi zala ziwiri. Amayi akaponda pansi, mtanda unkanjenjemera.

Mumtima anati: mwina ufika mawa. Mawa ndiika mzati, palibe adziwe. Ndikayankhula lero, ndani adzandiitanenso kuti ndimumangire ngakhale khola la nkhunda?

Anayang'ana pansi. Ndaziona anali atakhala pamphasa, atazolika monga achitira mkwati, pansi penipeni pa mtanda. Dothi linali kumuyoyokera paduku.

“Tulukani!” anakuwa mmisiri. “Nyumbayi ikugwa!”

Anthu anaseka. Mkazi wake anamukoka buluku. “Bambo a Ndaziona, mwalawa kale? Tsikani, mukutichititsa manyazi pamaso pa asebere.”

Ng'oma inapitirira. Ndani akanakhulupirira, khoma lili mbee ngati dzira?

Mmisiri anatsika, natenga hamala yake kuseri kwa chitseko, n'kumenya pamene ankamata paja. Kamodzi kokha. Chigamba cha zaka zonse zija chinagwa kuti khu! Panatsala chibowo choti mwana wang'ombe n'kudutsa osakhudza m'mbali, mvula ikuonekera kunja.

“Ndakhala ndikubisa zimenezi!” anatero. “Tulukani!”

Apa panalibe woseka. Anamwali, ankhoswe, oimba ng'oma, onse anapanikizana pakhomo. Mlamu anakoka Ndaziona padzanja. Mmisiri anatuluka pomalizira, ndipo mtanda unagwa atangochotsa mwendo wachiwiri. Mphasa ya mkwati inakwiririka osaoneka ngakhale nsonga.

Chinkhoswe anachimalizira pamvula. Kuyambira tsikulo palibe anamuitananso kukamanga.

Tsono iwe amene ukumva izi, zilipo zinthu zimene zimasiyana kuchokera pansi, pang'onopang'ono, ndipo matope sangaziletse. Kaya ndi m'banja, kaya ndi m'thupi mwako, ukudziwa wekha pamene umamata anthu akachoka. Ukuopa kuti ukaulula dzina lako litha. Mwina lithadi. Koma usanapakenso laimu, tayang'ana amene wakhala pansi pa mtanda wako.