Mervis ndi Mapanga Awiri

Kuseri kwa mudzi wathu kuli phiri la mapanga awiri, ndipo mukafunsa komwe kunachokera mwambi wa mapanga uja, anthu amaloza nyumba ya Mervis Kaliwo. Ena amatsutsa, amati mwambiwo ndi wakalekale. Asiyeni, ine ndinena momwe ndinamvera.

Mervis anali mtsikana wa mafunso. Akapita kuchipatala ndi chifuwa, ankabwerako atadziwa chifukwa chake jakisoni wina amabaya pamkono, wina pathako. Atakhoza mayeso a Folomu 4 anafunsira malo a unamwino kuwiri, ndipo konseko anamutenga. Koleji ya mishoni inati zaka zitatu, dipuloma ya unamwino ndi uzamba, digiri n'kudzawonjezera ali kale pantchito. Yunivesite ya mumzinda inati zaka zinayi, digiri yomweyo. Makalata onsewo anamuuza kuti afike Lolemba lomwelo isanakwane 12 koloko masana, apo ayi malo apatsidwa wina.

Anapita kwa Sisitala Mbendera, namwino wa pachipatala chaching'ono cha kwathu.

"Amayi, inu munadzera njira iti?"

"Ya dipuloma, mwanangu. Ndinayamba msanga kulandira makanda ndi manja angawa. Koma digiri ndinakaitenga ndili ndi ana atatu, ndikuwerenga maso ali psuu."

"Nanga ya yunivesite?"

"Nayonso ndi yabwino, sudzabwerera m'kalasi utakula. Zonsezi zimakafika pa bedi la wodwala. Sankhapo imodzi basi."

Koma Mervis sanasiye kufunsa. Anafunsa aphunzitsi, azibusa, ngakhale ogulitsa tomato pamsika, ndipo aliyense ankamuyankha zake. Kufunsa si kulakwa ayi, koma mtsikanayu mafunso anamukomera mpaka kuiwala kuti tsiku likuyandikira.

Lolemba m'mawa anaima pamphambano ndi sutikesi yake, asanasankhebe. Anakwera minibasi ya ku mishoni chifukwa ndiyo inayamba kudzaza. M'njira mayi wina ataona makalata aja anati, "Iwe, malo a digiri uli nawo, n'kumapita ku dipuloma? Zili bwino m'mutumo?" Mervis anatsika pompo, nadikira nthawi yaitali galimoto ya mumzinda. Anafika ku yunivesite 1 koloko.

"Pepani achemwali," anatero mlembi wa mu ofesi, "malo anu tapereka kwa amene anali pamndandanda wodikira."

Anaimba foni ku mishoni. Yankho linali lomwelo.

Pobwerera madzulo, mvula yamphamvu inamupeza m'tsinde mwa phiri lija. Phanga la kumunsi linali pafupi koma laling'ono. La kumtunda linali lalikulu koma patali. Anathamangira la kumunsi, kenaka anaganiza kuti sutikesi sikwanamo, nakhotera kumtunda. Ali pakati anadzifunsa ngati m'phanga lalikululo mulibe njoka, nabwereranso. Amalume ake a Chimtengo, omwe anabisala m'phanga laling'onolo ndi mbuzi zawo, ankangomuyang'ana akupita n'kubwera.

Pomwe ankalowa m'phanga laling'onolo, zovala zinali zitamata thupi, makalata aja atasanduka phala. Apa ndi pomwe analira, nawauza amalume zonse za tsikulo. Ndinamumvera chisoni nditamva izi, chifukwa chaka chathunthu chinamuthawa tsiku limodzi.

"Iwe Mervis," anatero a Chimtengo, "mbuzi zangazi sizinapite kusukulu, koma taziona, n'zouma. Zinangolowa phanga limodzi. Iwe mapanga awiri akuvumbwitsa."

Chaka chotsatira anafunsiranso malo. Kalata itafika anakapezeka pakhomo la sukulu Lamulungu, kutatsala tsiku lathunthu.

Ndiye mukamva akulu akuti "mapanga awiri avumbwitsa," dziwani kuti sakuletsani kufunsa, ndiponso sakunena kuti phanga lina ndi loipa. Akutanthauza kuti mukakhala ndi mwayi uwiri, funsani mokwanira, musankhe umodzi n'kulowamo, chifukwa mvula siyembekeza munthu amene akuganizabe.