Khonde la a Mkwapatira

Ana inu, munthu akadzakuuzani kuti akugwirirani ntchito ulere, muziyamba mwawerenga nkhuku zanu. A Mkwapatira a pamsika wa Kalonjere ankalidziwa lamulo limeneli kuposa aliyense, poti iwo ngakhale singano sankagula osanenerera. Koma tsiku lina ulere unawapeza pakhomo utavala yunifolomu ya sukulu, ndipo anaiwala kuwerenga.

Bambowa ankagulitsa tiyi ndi mandasi. Anthu ena amapempherera mvula chifukwa cha chimanga, iwo ankaipempherera chifukwa cha ketulo. Kukangoda mitambo, anthu ankathawira pakhonde pawo, ndipo munthu wousa mvula pakhonde la mwini sangangokhala manja lende. Manyazi amamugulitsa kapu ya tiyi. N'chifukwa chake chaka china anakulitsa khondelo mpaka linadutsa pamwamba pa ngalande ya msika. Mmisiri anawauza kuti pansipo pafunika payipi yaikulu. Iwo atamva mtengo wake anayankha kuti madzi sanasowepo njira chilengedwere dziko, kabowo kakwana. Anathira simenti, kuikapo mabenchi awiri, nkhani ya payipi n'kuiiwala. Khondelo ankalikonda ngati mwana woyamba, moti akazi awo, Nachanza, ankati likanakhala ndi pakamwa bwenzi akulimwetsa tiyi wamkaka.

Chimene chinkawasowetsa mtendere chinali matope. Mvula ikagwa, ngalande inkasefukira, amayi a tomato n'kumayala malonda pamiyala, ana n'kumafika kusukulu miyendo ili ngati ya oponda dothi la njerwa. Choipitsitsa, makasitomala ankabwera nawo matopewo pa simenti yawo yokondedwa ija. Wolakwa anali atamupeza kale mumtima: a Juwawo, opha mbuzi, amene malo awo anali kumtunda kwa ngalande. Ankati matumbo a mbuzi ndiwo akutseka madzi. Komanso a Juwawo ankamwa tiyi kwina, ndiye umboni wina sunkafunika.

Lachisanu lina kunafika ana a Sitandade 7 ndi aphunzitsi awo, a Kaliwo. Aphunzitsiwo anafotokoza kuti teremu imeneyo kalasi yawo ikuphunzira pogwira ntchito yothandiza dera, ndipo anawo asankha okha ngalande. Aikumba, afufuza chimene chikuitseka, kenaka akayankhula okha pamaso pa komiti ya msika. Kwa a Mkwapatira ankangopemphako pakona posungira makasu ndi mafosholo. Wotsogolera anawo anali Mwatitha, mwana wa mlongo wawo wa a Mkwapatira, kamtsikana kofatsa koma kosameza mawu.

A Mkwapatira anafunsa mtengo. Anafunsanso mozungulira, poopa kuti wabisala penapake. Atatsimikiza kuti palibe, mtima unavina: matope achoka ulere, Juwawo achita manyazi ulere. Nachanza ananena chapansipansi kuti chaulere chimabwera ndi mchira, koma amuna awo anali atatsegula kale chitseko cha makasu.

Lachisanu lililonse anawo ankakumba, iwo ali chilili pakhonde kuwaphunzitsa kayankhulidwe. Ankawauza kuti kudandaula monong'ona sikusuntha komiti. Wodandaula atchule vuto, atchule mankhwala ake, ndipo asabweze mawu ngakhale akuluakulu atsokomole, chifukwa pamalonda woyamba kutsika ndiye amalira. Mpaka anawapatsa mawu oti akatsekere nawo nkhani: aliyense amene watseka ngalande, kaya ndi wamkulu, kaya ndi wachibale, aitsegule ndi manja ake.

Mmawa wa tsiku la msonkhano Mwatitha anabwera yekha, nayima pafupi ndi ketulo akupotokola chala cha diresi.

"Amalume, mawu aja akuti kaya ndi wachibale, tikawanene ndithu?"

"Makamaka amenewo. Juwawo ali ndi alamu ake mukomitimo."

"Nanga akakhala munthu woti timamukonda?"

"Iwe, chilungamo sichimwa tiyi kwa munthu. Tenga mandasi awa, uzipita."

Mtsikanayo anawayang'ana nthawi yaitali, anatenga mandasi aja n'kumapita. Aka kanali koyamba a Mkwapatira kupereka mandasi aulere, ndipo anthu amati chimenecho chinali chizindikiro cha zimene zinkabwera.

Kumsonkhano a Mkwapatira anapita atavala jekete ya kutchalitchi, nakhala kutsogolo kuti aone bwino nkhope ya a Juwawo. Mwatitha anaimirira kuti ayankhule. Ananena za amayi a tomato, za ana a Sitandade 1 ogwera m'matope, za udzudzu. Anatseka ndi mawu aja osachotsapo ngakhale limodzi, amalume ake akugwedeza mutu ngati mwini nyimbo. Kenaka anati iwo monga ana satchula dzina la munthu wamkulu, madzi anena okha.

Anthu onse anapita kumutu kwa ngalande. Anyamata anakhuthulamo zidebe za madzi, Mwatitha n'kuwazamo gaga kuti aliyense aone kumene akulowera. Msika wonse unayamba kutsatira gaga uja ngati akuperekeza mkwatibwi. Pamalo pa a Juwawo madziwo anangodutsa osapereka ndi moni yemwe. A Mkwapatira anaganiza kuti mwina madzi nawonso ali ndi alamu. Anadutsa pa ogulitsa makala, anadutsa pa telala. Atafika pakhonde lija anaima, anazungulira, anazunguliranso, kenaka anakwera pang'onopang'ono n'kukakhala pa nsapato za a Mkwapatira. Mnyamata wina analowetsa nsungwi pansi pa khonde, ndipo inangomveka gu! pa simenti. Kabowo kaja kanali katatsekeka kalekale.

Ndiye a Juwawo, mwaulemu wonse, anapempha kuti mwanayo abwerezeko mawu omaliza aja, poti iwo makutu ayamba kuvuta. Mwatitha anabwereza, maso ali pansi, misozi ili pafupi.

Lilime a Mkwapatira anali nalo. Akanatha kukankhira mmisiri, akanatha kunenerera mpaka dzuwa kulowa, ndipo mwina khonde likanapulumuka. Koma anayang'ana mwana wa mlongo wawo, naona kuti iwo akangotsika pamawu aja, mwanayu sadzaimanso pagulu kunena zoona. Anavula jekete, napatsa Nachanza.

"Mwamva mmene wayankhulira mwanayu? Ndinamuphunzitsa ndine. Juwawo, usangoseka, ndibwereke hamala."

Nachanza anapinda jekete ija bwinobwino nati, "Bambo, mvula munkailira ndinu. Matopewa musawakane, ndi anu."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo mawuwo anayenda msika wonse. Ena amati mwambiwu ndi wakale kuposa tiyi, ndipo sindikangana nawo, koma pa Kalonjere amalumbira kuti unabadwira pakhonde limeneli: walira mvula, walira matope. Tanthauzo lake n'lakuti chabwino chilichonse chimene ukupempha chimabwera ndi katundu wake, ndipo sungalandire chimodzi n'kubweza chinacho. Ukafuna anthu ambiri pakhonde, ulandirenso mapazi awo. Ukafuna kuti ana aphunzire kunena zoona, konzeka, tsiku lina zoonazo zidzaima pa nsapato zako. Inunso mukamapempha kuti dera lanu likonzedwe, muziyamba mwayang'ana pansi pa khonde lanu.

Anawo sanawasiye okha amalume. Anatuta zigumukire ndi wilibala, ndipo mvula yotsatira anapita kusukulu miyendo yoyera. Nanga analipira ndani ntchito yaulere ija? A Mkwapatira. Analipira theka la khonde, benchi limodzi, ndi payipi imene anaigula osanenerera, poti wagolosale anali atamva kale nkhani yonse. Pamwamba pake anamwetsa tiyi wamkaka kalasi yonse, ndipo pakati pa anawo panakhala a Juwawo, amene anamwa kapu yawo yoyamba pamalopo, napemphanso shuga woonjezera.