Dzina la Lifeyo M'kaundula wa Boma

Kalekale, koma osati kale loti anthu n'kuiwala, m'dziko lina munali lamulo lotere: mwamuna akagwirira mkazi, potuluka kundende dzina lake linkalembedwa m'kaundula wa boma. Wolembedwa m'menemo sankaloledwa kuponya voti kapena kuima pachisankho. Nawo oyang'anira sukulu ankayamba aona m'kaundulayo asanalembe munthu ntchito.

M'tauni ina yaing'ono ya m'mbali mwa njanji munali mwamuna wina dzina lake Lifeyo Kamtedza. Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, anagwirira Esinta, mtsikana amene ankachokera kophunzira kusoka. Anakhala kundende zaka khumi ndi ziwiri, ndipo kumeneko anaphunzira kukonza mijigo. Atatuluka anabwerera m'tauni momwemo, poti kwina kopita kunalibe. Ankapatsa anthu moni, ena n'kuyankha, ena ayi. Tsiku la chisankho ankatsala pakhomo akupukuta masipanala ake, anthu akudutsa ndi zala zodetsedwa ndi inki. Zaka zisanu ndi zitatu zinatha choncho.

Kenaka kunagwa kolera. Mijigo yonse isanu ndi iwiri inali itafa, anthu akumwa madzi a m'dambo. Khansala wa deralo anatenga banja lake n'kupita kumzinda. Lifeyo anazula mipopi mjigo ndi mjigo, popanda womutuma, ndipo pamasabata awiri yonse inayamba kutulutsa madzi. Odwala ankawakankha pawilibala mpaka kuchipatala. Maliro anachepa, kenaka anatha.

Chisankho chitayandikira anthu anati, "Khansala wathu akhale Lifeyo." Koma dzina lake linali m'kaundula, ndipo wolifufuta anali woweruza yekha. Anabwera mayi woweruza, anakhala patebulo muholo ya pamsika, nalola anthu atatu kuti alankhule.

Oyamba anali Mayi Nachisale, ogulitsa tomato. Anati, "Sabata imodzi ndinaika m'manda mwamuna wanga ndi mwana wanga woyamba. Ana awiri otsalawa ali moyo chifukwa cha bambowa. Zomwe anachita ndikuzidziwa, ndinalipo tsiku lomwe apolisi anadzawatenga. Koma mvula ikubweranso, mayi, ndipo aja a mbiri yabwino anatithawa. Kodi tiziika ana chifukwa cha buku?" Anakhala pansi osapukuta n'komwe misozi.

Wachiwiri anali Esinta, tsopano telala wosoka pakhonde la golosale. Mawu ake anali osakwera osatsika, ngati akuwerenga muyeso wa diresi. Anati, "Musandifunse ngati ndinamukhululukira. Mumtimamu mulibe kanthu. Mkwiyo unatha wokha, chifundo sichinabwere. Madzi a pamjigo wake ndimamwa. Iyeyu anamuuza tsiku lotuluka, ine palibe anandiuza langa. Kukhoti ndinaima ndekha, abale anga akuti ndikhale chete ndisawachititse manyazi. Chomwe ndinapezapo ndi mzere umodzi m'bukumo, wosonyeza kuti sindinaname. Mukaufufuta, chilolezo cha malo anga osokera ndizikachipempha kwa iye, ndikumutchula kuti olemekezeka. Ndidzapita ndithu. Ndimangofuna mudziwe kumene mukunditumiza."

Wachitatu anali Lifeyo mwini. Analankhula akuyang'ana manja ake. "Zomwe anena Mayi Esinta n'zoona, zonse. Ukhansala sindinaupemphe, ndipo ndikanena kuti ndingaukane mutandipatsa, mwina ndikunamizani. Ndinamangidwa ndisanavotepo. Lamulo lililonse la dziko lino limandigwira, koma posankha opanga malamulowo sindinafunsidwepo. Oweruza anati zaka khumi ndi ziwiri, ndinazimaliza. Ndikungofuna kuti ndisanafe ndidzaime pamzere ndi anthu ena, nane anditsire inki pachala. Mukandikaniza, mawa ndikhala ndili pamjigo monga mwa masiku onse."

Bambo wina kumbuyo anaimirira. "Mayi, bwanji mumulole kuvota kokha, za ukhansala azisiye?"

Woweruza anapukusa mutu. "Lamulo silinandipatse mphamvu imeneyo. Dzina limakhala lonse kapena kuchoka lonse. Likachoka, akhoza kuvota, akhoza kuima, ndipo sukulu imene ingamulembe ntchito sidzadziwa chilichonse. Likakhala, likhala mpaka imfa yake."

Anthu anangokhala pamabenchi paja ngati odikira basi yomwe akudziwa kuti sibwera. Mayi Nachisale anayang'ana Esinta, n'kuweramitsa mutu. Esinta ankatola tiulusi pachitenje chake. Woweruza anatsegula kaundula patsamba la Lifeyo, natenga cholembera, n'kuchigwira m'malere nthawi yaitali.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, cholembera chija chili m'manja mwanu. Dzina la Lifeyo mulifufuta kapena mulisiya, ndipo mwa atatuwa ndani amene mungamuyang'ane m'maso n'kumuuza kuti zake zidikire?